Magazi a Zenga ndi Malungo: Mbiri ya Kusandulika kwa Zamoyo

Kuyambira kale m'midzi ya dziko lino mwakhala mabanja ena amene maliro a ana sacoka pakhomo pao. Mwana abadwa bwino, nayamwa bwino, nafika miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi wopanda cobvuta ciri conse. Pamenepo ayamba kutupa zala za kumanja ndi za kumapazi, maso acita cikasu, zikhato ziyera mbee, ndipo alira usiku wonse cifukwa ca kuphwanya kwa mafupa. Acira, nadwalanso, kufikira tsiku lina malungo kapena cibayo cimtenga. Zikacitika kawiri kapena katatu m'nyumba imodzi, a kucimuna aloza cala a kucikazi, a kucikazi naloza a kucimuna. Anthu apita kukaombeza ula, ndipo kawirikawiri nkhalamba yosalakwa ichedwa mfiti, ukwati nutha.

Nthenda imeneyi lero iri ndi dzina, ndipo gwero lace lidziwika. Madotolo aicha sikoselo, kucokera ku mau a Cingerezi onena za zenga lomwetera udzu. Mbiri ya m'mene anthu anadziwira gwero lace iyenda pamodzi ndi mbiri ina yaikuru, ya m'mene anadziwira kuti mitundu ya zamoyo siikhala cikhalire, koma isandulika pang'onopang'ono m'mibadwo yambiri. Dziko la Zambia liri ndi mbali yace m'mbiri imeneyi.

Licero la cilengedwe

M'mwezi wa February caka ca 1858, Mngerezi wina wosonkhanitsa mbalame ndi tizirombo, dzina lace Alfred Russel Wallace, anagona pamphasa ndi malungo m'zisumbu za Moluccas, zimene lero ziri m'dziko la Indonesia. Ali cigonere anayamba kulingalira cifukwa cimene nthenda ndi njala zitengera ena ndi kusiya ena. Atacira analemba maganizo ace nawatumiza kwa Charles Darwin ku England. Darwin anali atafika kale pa maganizo omwewo, pakuti anayenda panyanja ndi combo ca Beagle kuyambira 1831 kufikira 1836, ndipo anakhala zaka makumi awiri akusonkhanitsa umboni. Zolemba za awiriwa zinawerengedwa pamodzi ku London pa 1 July 1858, ndipo buku la Darwin lonena za ciyambi ca mitundu ya zamoyo linaturuka mu 1859.

Mfundo zao zinali zitatu, ndipo mlimi ali yense azidziwa. Yoyamba, ana a mimba imodzi safanana ndendende. Yaciwiri, zamoyo zibala ana ambiri koposa amene angathe kukula. Yacitatu, amene ali ndi kanthu kowathandiza pa malo amene akhalapo ndiwo apulumuka, nabala, napatsira ana ao kanthu komweko. Mlimi amene caka ndi caka asankha zitsononkho zazikuru nazipacika kumutu kwa moto kuti zikhale mbeu, patapita zaka asintha cimanga cace. Darwin anati njala, nthenda, cilala ndi zirombo zicita nchito yomweyo popanda munthu wosankha, monga licero lipeta gaga ndi kusiya mphale. Nchito imeneyi anaicha kusankha kwa cilengedwe.

Koma Darwin anasiya mafunso awiri osayankhidwa. Kodi kusiyana kwa ana kucokera kuti? Ndipo kodi mwana atengera bwanji makolo ace? Makolo akale anati, “Mace mbuu, mwana mbuu,” koma njira yace panalibe woidziwa.

Sawawa ndi nchenche

Yankho la funso laciwiri linapezeka m'dimba la wansembe wa Cikatolika, Gregor Mendel, mu mzinda wa Brno. Kuyambira 1856 kufikira 1863 iye anakwatitsa mitundu ya sawawa, mbeu ya mtundu wa nyemba, nawerenga ana ace mosamala. Pokwatitsa wautali ndi waufupi, ana onse anali atali. Koma pokwatitsa anawo okhaokha, ufupi unabweranso, mmodzi mwa anai ali onse. Mendel anazindikira kuti cibadwa sicisanganikirana monga madzi ndi mkaka. Ciyenda m'timbeu tosasungunuka, tiwiritiwiri, kamodzi kocokera kwa atate, kena kwa amai, ndipo kambeu kangathe kubisala m'mbadwo umodzi ndi kuonekera m'mbadwo wotsatira. Timbeu timeneti pambuyo pace tinachedwa majini, dzina losakhudzana konse ndi mizimu ija anthu aichula ndi liu lomwelo. Mendel anasindikiza zimenezi mu 1866, koma anthu sanazisamale kufikira 1900, iye atamwalira.

Funso loyamba linayankhidwa ndi nchenche. Mu 1910 Thomas Hunt Morgan, amene anali kuweta tinchenche ta pa zipatso m'mabotolo ku New York, anapeza kamodzi ka maso oyera pakati pa tinzace tonse ta maso ofiira, ndipo uyera umenewo unapita kwa zidzukulu monga mwa lamulo la Mendel. Jini linali litasintha lokha. Mu 1927 wophunzira wace, Hermann Muller, anaonetsa kuti kuwala kwa X-ray kucurukitsa kusintha kotere. Cotero kunadziwika kuti kusintha kwa majini ndiko kasupe wa zatsopano. Kusintha kumeneku sikubwera cifukwa camoyo cikufuna. Kugwa monga maere: kwambiri kulibe nchito, kwina kupweteka, ndipo kowerengeka kuthandiza.

Kucokera ku Chicago kufika ku Balovale

M'caka comweco ca 1910, dotolo James Herrick wa ku Chicago analemba za mnyamata wocokera ku cisumbu ca Grenada amene anali ndi magazi acilendo. Thupi la munthu linamangidwa ndi tizipinda tosaoneka ndi maso, tochedwa maselo, monga nyumba imangidwa ndi njerwa. Maselo ofiira a m'magazi ndi ozungulira ngati tindalama, ofewa, ndipo nchito yao ndiyo kunyamula mpweya kucokera m'mapapo kupita m'thupi lonse. Koma pa galasi lokuza zinthu, maselo ambiri a mnyamatayo anaoneka opindika ngati zenga. Maselo otere ndi ouma, ndipo atseka timitsempha tating'ono, ndico cifukwa ca ululu. Afanso msanga, patapita masiku 10 kapena 20, pamene selo labwino likhala masiku 120, ndico cifukwa ca kucepa kwa magazi.

Madotolo atayamba kupima anthu m'Africa, anadabwa kupeza kuti anthu ambirimbiri athanzi ali ndi magazi amene apindika akawamana mpweya pa galasi, ngakhale eni ace sadwala. Mmodzi wa opimawo anali dotolo wa Boma, E. A. Beet, amene anali kugwira nchito ku Balovale m'Northern Rhodesia, kumene lero kuchedwa Zambezi. Mu 1946 analemba kuti mwa odwala a pa cipatala cace, tizirombo ta malungo tinapezeka kawirikawiri mwa anthu a magazi wamba koposa mwa anthu a magazi opindika. Anthu amene anawapima anali owerengeka, cotero umboni wace sunakwane kutsimikiza, koma anali mmodzi wa oyamba kulozako cala. Mu 1949 Beet, potsata mabanja a m'dziko lino, ndi James Neel, potsata mabanja a ku America, anafika pa mfundo imodzi, yense payekha: wolandira jini la zenga kwa kholo limodzi angolinyamula osadwala, koma wolilandira kwa makolo onse awiri ndiye adwala.

Limeneli ndi lamulo la sawawa lija. Mwamuna ndi mkazi onyamula jini limeneli akakwatirana, pa mimba iri yonse maere agwa cotere: mwa mbali zinai, imodzi ndi ya mwana wodwala, ziwiri ndi za mwana wonyamula wathanzi, imodzi ndi ya mwana wopanda jinilo. Maerewo agwa mwatsopano pa mimba iri yonse, ndico cifukwa cace banja lina libala odwala atatu motsatana, lina osabala ndi mmodzi yemwe.

Apa panabuka cozizwitsa. Ngati ana odwala anali kufa asanafike pa msinkhu wobala, ndiye kuti m'mbadwo uli wonse majini a zenga anali kulowa m'manda. Nanga analekeranji kutha? Anthony Allison, amene anakulira ku Kenya, anayenda m'dzikomo mu 1949 akupima magazi a mitundu yosiyanasiyana. Anapeza kuti m'mbali mwa nyanja ya mchere ndi m'mbali mwa Nyanja ya Victoria, kumene udzudzu ucuruka, onyamula jini anaposa 20 mwa anthu 100 ali onse, koma kumapiri kozizira sanafike ndi mmodzi yemwe mwa 100. Atapimanso ana a kufupi ndi Kampala, mu 1954 anasindikiza umboni wakuti wonyamula jini limodzi atetezedwa ku malungo oopsa. Kafukufuku wa zaka zotsatira anaonetsa kuti ngozi ya malungo akupha icepa ndi mbali zisanu ndi zinai mwa khumi.

Tsono licero la Darwin linaoneka poyera pakati pa anthu. M'mudzi wa udzudzu wambiri, mankhwala asanabwere, ana opanda jini la zenga ambiri anatengedwa ndi malungo. Ana a majini awiri anatengedwa ndi sikoselo. Ana a jini limodzi ndiwo anapulumuka koposa onse, nakula, nabala. Mbali imodzi jini linali kutaika, mbali ina linali kusungidwa, ndipo linaima pa muyeso umene malungo a dera limenelo anauika. Akuluakulu anati, “Walira mvula walira matope.” Jini lomwelo lipezekanso ku India, ku Arabia ndi ku Greece, pakuti linatsata udzudzu, silinatsate khungu. Mu 1958 Frank Livingstone wa ku America, amene sali mbale wa mmishonale uja, anafotokoza kuti ulimi ndiwo unakoleza moto: anthu atagwetsa nkhalango ndi kumanga midzi yokhazikika, zithaphwi zoombedwa ndi dzuwa zinacuruka, udzudzu nucuruka, jini nilifalikira.

Cilembo cimodzi

Kodi cinasintha m'magaziwo nciani? Mu 1949 Linus Pauling ndi anzace anaonetsa kuti colakwika ciri mu hemogulobini, ndico cinthu cofiira cogwira mpweya m'kati mwa selo. Mu 1953 James Watson ndi Francis Crick ku Cambridge, pothandizidwa ndi zithunzi za Rosalind Franklin, anafotokoza mamangidwe a DNA, ulusi wautali umene majini alembedwapo ndi zilembo zinai zokha, A, C, G ndi T. Mu 1956 ndi 1957 Vernon Ingram, ku Cambridge komweko, anapeza kuti pa unyolo wa hemogulobini wa mfundo 146, mfundo imodzi yokha, yacisanu ndi cimodzi, ndiyo yosiyana. Pa DNA, pamene anthu ena ali ndi GAG, wa zenga ali ndi GTG.

Kalaliki wa pa Boma amene akopera buku lalikuru ndi dzanja, ngakhale asamale cotani, tsiku lina aphonya cilembo, ndipo pamene panali “mbale” palembedwa “mbala.” Buku la DNA ya munthu liri ndi zilembo ngati 3,000 miliyoni, ndipo likoperedwa nthawi iri yonse selo ligawanika. Mwana ali yense abadwa ndi zilembo ngati 60 kapena 70 zimene atate ndi amai ace analibe. Zaka zikwi zambiri zapitazo, mwa kholo lina m'Africa, A anasanduka T. Akadakhala m'dziko lopanda malungo, cilemboco cikadazimirira. Popeza anakhala pakati pa udzudzu, zidzukulu zace lero ndi mamiliyoni.

Mafaelo otsekedwa

Patsala funso la mai wa m'mudzi uja: ngati mwana anabadwa nayo nthenda, anakhaliranji bwino miyezi yoyamba? Mu 1948 dotolo wa ana Janet Watson wa ku New York anaona kuti magazi a makanda sapindika kwambiri, naganiza kuti cifukwa cace ndi cakuti mwana wa m'mimba ali ndi hemogulobini ya mtundu wina. Anali atalondola. Munthu ali ndi jini lopanga hemogulobini ya m'mimba ndi jini lina lopanga ya munthu wobadwa, ndipo cilembo colakwika ciri pa laciwirili. Mwana akabadwa, thupi litseka jini loyamba pang'onopang'ono ndi kutsegula laciwiri, ndipo pofika miyezi isanu ndi umodzi nthenda iyamba kuoneka.

Kutseka ndi kutsegula kumeneku ndiko maziko a phunziro limene Conrad Waddington analicha epijenetiki mu 1942. Selo la diso ndi selo la ciwindi ali ndi buku limodzimodzi la DNA, koma awerenga masamba osiyana. Mu ofesi muli mafaelo ena ali pa tebulo, ena omangidwa ndi cingwe ndi kutsekeredwa m'kabati. Mau a m'kati sanafafanizidwe, koma palibe wowawerenga. Mu 1975 akatswiri anafotokoza kuti cimodzi ca zingwe zimenezi ndico kanthu kochedwa methyl kamene kamatirira pa DNA. Mu 1982 ku Chicago anapatsa anyani mankhwala ocotsa methyl, ndipo hemogulobini ya m'mimba inabweranso, ndipo pambuyo pace zinacitikanso mwa anthu odwala. Mu 1995 kunatsimikizika kuti mankhwala ena, a hydroxyurea, amene acurukitsanso hemogulobini ya m'mimba, acepetsa ululu wa sikoselo, ndipo mu 2019 anaoneka kuti athandiza ana a ku Angola, Congo, Kenya ndi Uganda.

Kodi zingwe zimenezi zipita kwa ana? Mu 1809 Mfalansa Jean-Baptiste Lamarck anaphunzitsa kuti cimene kholo lapeza m'moyo wace lipatsira mwana. Koma mwana wa mai wa mphini sabadwa ndi mphini, ndipo August Weismann wa ku Germany, atadula micira ya mbewa mibadwo isanu, anaona ana onse akubadwa ndi micira. Mwa anthu ndi nyama zoyamwitsa, zingwe zambiri zimasulidwa pamene mimba iyamba, ndipo mwana amanga zace. M'zomera nkhani isiyana. Mu 1744 Carl Linnaeus wa ku Sweden anadabwa ndi duwa lochedwa Linaria limene linali ndi maonekedwe acilendo opita ku mbeu zace, ndipo mu 1999 kunapezeka kuti zilembo za jini lace sizinasinthe, koma jinilo linatsekedwa ndi methyl, nilipita kwa ana liri cotsekedwa.

Cotero epijenetiki sinagwetse ciphunzitso ca Darwin ndi Mendel, koma inaonjezapo mfundo yofunika. Licero la cilengedwe lipeta cokhaco cimene caonekera pathupi, ndipo kutseka ndi kutsegula kwa majini ndiko kulamulira cimene cionekera, ndi nthawi yace. Kum'mawa kwa Arabia ndi mbali zina za India kuli mabanja amene jini lao la m'mimba silitsekeka kwathunthu, ndipo kwa iwo sikoselo iri yopepukirapo, ngakhale cilembo colakwika nciomweco.

Mdani nayenso asandulika

Kacirombo ka malungo, kamene Alphonse Laveran anakaona m'magazi ku Algeria mu 1880, ndipo Ronald Ross anakapeza m'mimba mwa udzudzu ku India mu 1897, kayenda m'njira zitatu zomwezi. Mu 1995 kunadziwika kuti kali ndi majini ngati 60 opangira cobvala ca selo limene kabisalamo. Katsegula limodzi lokha, ena onse otsekedwa, ndipo thupi likaphunzira kuzindikira cobvalaco, tizirombo tina tatsegula kale jini lina, monga mbala yosintha malaya pa msika. Ndico cimodzi ca zifukwa zimene munthu adwalira malungo kambirimbiri asanakhwime.

Mankhwala naonso anasanduka licero. Klorokwini anaciritsa anthu ambiri, koma tizirombo towerengeka tinali ndi zilembo zosintha zotithandiza kumlabvula. Tinzace titafa, timeneti tinatsala ndi kubalana. Tizirombo totere tinafika kum'mawa kwa Africa mu 1978, ndipo mu 1993 dziko la Malawi linakhala loyamba m'Africa kusiya klorokwini. Licero litacotsedwa, zinthu zinabwerera m'mbuyo: ku Blantyre tizirombo tokana mankhwalawo tinali 85 mwa 100 mu 1992, koma 13 mwa 100 mu 2000. Zambia anasintha mankhwala ace pofika 2003, nayamba Coartem. Mu 2020 ku Rwanda, ndi mu 2021 ku Uganda, kunapezeka tizirombo toyamba kulimbana ndi mankhwala a mtundu watsopanowu. Wodwala amene amwa mankhwala masiku awiri nasungira otsala tsiku lina, kapena agula mapiritsi acinyengo pa msika, apeta tizirombo m'thupi mwace, nasiya tolimba tokhatokha.

Cimene mbiri imeneyi isiyira mabanja

Mu 2023 malungo anapha anthu ngati 600,000, ocuruka koposa anali ana a m'Africa. Makanda oposa 300,000 abadwa ndi sikoselo caka ciri conse, ndipo ambiri a iwo abadwira m'Africa momwemo. Ziwerengero ziwirizi ziri zipatso za mtengo umodzi.

Kwa anyamata ndi asungwana amene atsiriza sukulu nayamba kuganiza za banja, phindu la mbiri imeneyi nlooneka. Dontho limodzi la magazi ku cipatala liuza munthu ngati ali wonyamula, ndipo awiri ofuna kukwatirana angathe kudziwa m'mene maere ao akhalira asanapangane. Mwana wodwala akadziwika msanga, nalandira katemera, penisilini ndi hydroxyurea, nagona m'ukonde wa udzudzu, namwa madzi ambiri, nathamangitsidwa ku cipatala thupi likangotentha, angathe kukula, kuphunzira ndi kugwira nchito, monga ambiri acitira lero. Ndipo pa bwalo la milandu ya banja palibe wopalamula. Atate anapereka theka, amai napereka theka, ndipo onse awiri analandira kwa makolo amene cilembo comweco cinawapulumutsa ku malungo m'masiku amene kunalibe cipatala. Munthu wophunzira akafika pa mudzi pamene nkhalamba iri kunenedwa cifukwa ca mwana wotupa zala, ali ndi mau oti anene, ndipo ali ndi njira yoti alozere banjalo.